Anandimenya Chifukwa cha Imelo Zomwe Sindikanatha Kufufuta

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Dzina langa ndine Lemani, wa ku Milepa. Ndikufuna ndikuuzeni momwe Mulungu anandilanditsira tsiku lomwe anthu akwathu omwe anafuna kundipha.

Ndine mlembi wa gulu la alimi a nandolo. Gulu lathu lili ndi bokosi limodzi la imelo lomwe akomiti tonse timatsegula, aliyense pa foni yake, ndipo mauthenga a ogula amalowa mu foda yawoyawo. Chaka chatha kampani ina ya ku Limbe inalonjeza kudzatenga nandolo wathu yense. Tinamusonkhanitsa malo amodzi n'kumadikira uthenga wa tsiku lobwera lole. Ndinkatsegula fodayo m'mawa uliwonse, koma munalibe kanthu, mpaka nandolo anayamba kufumbwa. Apampando ataimba foni kukampaniko, anauzidwa kuti anatilembera kangapo osayankhidwa, ndiye anakagula kwina.

Mbiri inawanda yoti Lemani wafufuta mauthenga kuti mavenda adzagule nandoloyo motchipa. Pa msonkhano sanandilole n'komwe kuyankhula. Wina anandimenya kumsana ndi mpini wa khasu, ndinagwa chafufumimba, ndipo anandikokera panja akundiponda. Ndinatchinga mutu ndi dzanja, ndinamva fupa likuthyoka. M'kamwa munadzaza magazi ndi dothi. Kenako ndinamva bambo wina akukuwa kuti apope petulo mu njinga yamoto. Pemphero lalitali linandikanika. Ndinangoti, "Yesu, ana anga."

Pamenepo mayi Esinati, omwe nandolo wawo ndi amene anafumbwa kwambiri, anadzigwetsa pamwamba panga. "Muyambe mwatentha ine!" anakuwa motero. Ndodo ina inawapeza paphewa koma sanasunthe. Anthu anayamba kubwerera m'mbuyo, ndipo wakabaza wina anandithamangitsira kuchipatala chaching'ono, komwe ananditumiza ku Boma.

Ndili gone m'chipatala ndinamva kuti kunyumba agumula chitseko, mkazi wanga wathawira kwa makolo ake ndi ana. Ndinalira. Ndinamufunsa Mulungu chomwe anandisiyira moyo, popeza dzina langa linali litafa kale m'mudzi. Umboni ndinalibe, ndipo inenso sindinkadziwa komwe mauthengawo anapita.

Koma mayi Esinati sanakhale pansi. Anawakoka apampando mpaka kwa a Chisomo, mlangizi wa ku Boma amene anatikonzera bokosilo pachiyambi. A Chisomo anatsegula pa laputopu malo osonyeza chilolezo cha munthu aliyense pa foda ija. Ine chilolezo changa chinali chowerenga basi. Kufufuta kapena kusuntha uthenga sindikanatha, ngakhale ndikanafuna. Chilolezo chofufuta anali nacho apampando ndi msungichuma wakale, amene anachoka m'gulu atakangana ndi komiti n'kuyamba kugulira mavenda. Pochoka palibe anakumbukira kumuchotsera chilolezocho. Uthenga ukangofika, iye ankaufufuta ife tisanauone. A Chisomo anabweza mauthenga onse ofufutidwa, anamuchotsera chilolezo pomwepo, ndipo anakafotokoza zonse pamaso pa gulu. Apolisi atamufunsa munthu uja, anavomera.

Apampando anabwera kuchipatala, anagwada pafupi ndi bedi langa. Gulu linakonza chitseko, ndipo banja langa linabwerera. Tsopano munthu akangochoka mu komiti, chilolezo chake timachichotsa tsiku lomwelo, onse tikuona.

Sindinama, kukhululuka kwandivuta kuposa kuchira. Lamulungu lapitali pa mgonero ndinapezeka benchi limodzi ndi bambo amene anaitanitsa petulo uja. Chikho chitafika kwa ine ndinamwa, n'kuwapatsira.

Ndikuthokoza Mulungu amene anadzutsa mayi oti akanandikwiyira kuposa onse kuti anditchinjirize ndi thupi lawo. Inu amene mukunamiziridwa lero ndipo mulibe wokuyankhulirani, musasiye kupemphera, ngakhale pemphero lanu likhale la mawu ochepa ngati langa lija. Amamva. Amen.