A Salimo Amide, Amene Analemba pa Manda a Shehe

Malemu anabadwa pa 3 Malichi 1931 kuno ku Nkholongue, achiwiri kwa a Bwanali Amide, amene akukuwerengerani mbiriyi. Ana awiriwa analowa madrasa a Shehe Mpalila tsiku limodzi mu 1940. Patatha chaka bambo anatulutsa wamkulu kuti azikoka khoka, wamng'ono natsala akuphunzira Chiarabu.

Mu 1955 malemu anakwatira mayi Zamda, amene poyamba akubanja anawafunsirira a Bwanali.

Shehe atamwalira mu 1962, Asilamu anagwirizana zomanga kanyumba pamanda pawo. A Bwanali anatola zigoba za nkhono, naziwotcha kupanga njereza, naumba njerwa, nakweza makoma miyezi isanu ndi iwiri. Malemu anabwera kumapeto. Anamata zidutswa za mbale zadothi kuzungulira chitseko, nalemba mawu a Kurani ndi utoto wobiriwira. Inali ntchito ya masiku anayi. Kuchokera pamenepo alendo a ziyala, odzapemphera pamandapo, ngakhale a ku Maniamba, amati manda anamanga ndi a Salimo, ndipo malemu sanawatsutsepo.

Nkhondo itafika mu 1985, malemu anathawira ku Likoma. A Bwanali anatsala. Anthu a mfuti anaphikira m'kanyumbamo sabata zitatu, makoma nkuda bii. Atachoka, a Bwanali anapaka njereza ponseponse, osadziwa kuti pansi pa mwayewo akukwirira mawu opatulika. Akuluakulu a mzikiti anawalanda kiyi wa kanyumbako. Malemu atabwerako mu 1987 analembanso mawuwo, amayi nalulutira.

Chifuwa chinawayamba mu Juni chaka chino cha 1989. Njira ya kuchipatala inali yotsekeka, ndipo amwalira dzulo m'mawa, mutu uli pamiyendo pa akulu awo.

M'kanyumbamo, pambali pa Shehe, munatsala malo a munthu mmodzi. A Bwanali anawasiya dala pomanga, ndipo sanabise kuti akudzisiyira okha. Akuluakulu a mzikiti agamula kuti agonepo a Salimo.

Asiya mayi Zamda, ana Salha ndi Saide, zidzukulu zisanu, ndi akulu awo. Tikuthokoza amayi ophika, osambitsa thupi, ndi onyamula jeneza, chithatha cha maliro. Okumba manda sitiwathokoza, chifukwa akumba ndi a Bwanali okha: palibe wina akudziwa pamene maziko athera.

Allah awakhululukire, ause mumtendere m'nyumba imene sanamange.