Inki Yokhuthulidwa Kudzala

Pa siteji ya Nguludi, bambo wina wa imvi ankaonetsa kabotolo kopanda kanthu kwa mayi yemwe anaima naye pafupi podikira minibasi ya ku Limbe.

"Taonani mayi! Akazi anga atenga inki yanga pawindo n'kukaikhuthulira kudzala. Botolo lonse!"

"Inki ya chiyani, bambo?"

"Ya peni yanga yothira inki. Ine ndine mlembi wa mpingo. Maina onse a obatizidwa, zaka sikisi tsopano, ndalemba ndi inki imeneyi."

"Nanga anatayiranji?"

"Akuti yaola. Akuti yachita ndere!"

"Inali yobiriwira?"

"Yobiriwira, koma osati kubiriwira kolasa m'maso ngati penti wa pasitolo. Yofatsa, ngati tsamba la nandolo likagwira fumbi. Sionekera kuseri kwa pepala, ndipo ukatsegula kaundula maso amapuma."

"Pepani, koma nanenso ndikanataya. Chinthu chooneka ngati madzi a pachithaphwi chizikhala m'nyumba mwanga?"

"Ndiye mukuwaikira kumbuyo? Lamulungu tikubatiza ana khumi ndi awiri. Ndiwalembe ndi bolopeni ya buluu ngati lisiti la kuchigayo?"

"Kumwamba sakayang'ana mtundu wa inki, bambo."

"Kumwamba ayi, koma ine ndimayang'ana! Ndi chifukwa chake ndikupita ku Limbe, ndipo sindikudziwa ngati ndikaipeza."

"Nanga bwanji simunawauze mayiwo kuti ndi chinthu chodula?"

"Ndiwauze mtengo wake? Mayi inu! Bwenzi pano inki ili pawindo, kudzalako kuli ine."