Tulutsani Agalu M'zigafa

Olemekezeka a Tcheyamani a Chipani m'dera lino la Mitundu, olemekezeka mafumu athu onse, amayi a Ligi amene mwatilandira ndi nyimbo kuyambira pamsewu paja, abusa, aphunzitsi ndi anamwino, anzanga alangizi a ziweto, amayi ndi abambo nonse, landirani moni wanga.

Dzina langa ndine Yona Kamtengeni, ndimayang'anira ntchito za ziweto kuno kummwera kwa Lilongwe. Ndithokoze boma lathu chifukwa cha simenti ndi mankhwala, ndithokozenso inu amene munaumba njerwa ndi kututa mchenga kudambo, mpaka lero dibi la agalu laima pambali pa dibi la ng'ombe. Ntchito mwaigwira, palibe angatsutse.

Ndinalemba mawu okoma papepala, koma pepalalo ndalibweza m'thumba. Pamene amayi amavina, ine ndimawerenga. Anthu mulipo oposa mazana atatu. Agalu ndapeza asanu ndi anayi, ndipo awiri mwa iwo ndi a abusa. Mukuseka, nanenso ndikadaseka, koma mtima wanga suli m'malo.

Ndikudziwa kumene agalu enawo ali. Mutamva kuti galimoto ya a ziweto ikubwera, mwawamangirira m'zigafa za fodya, a banja lonse malo amodzi, odwala ndi amoyo omwe. Sindikukudzudzulani. Mukukumbukira zaka za chiwewe, pamene tinkayenda ndi mfuti kuwombera galu aliyense wosamangidwa, ndipo ena mwa inu mukuikumbukira nkhope yanga.

Mu 1966, ndili ndi chaka chimodzi pantchito, ananditumiza kumudzi wina kuseri kwa Nathenje. Kumeneko kunali mayi wamasiye, Rozina Nambewe, amene anali ndi mbuzi zinayi ndi galu mmodzi dzina lake Zilikwanu. Galuyo anasiya kudya, anawonda, ankatuluka kamfuno, ndipo poyenda ankadzandira. Anansi anati ndi chiwewe. Nditatsitsa mfuti paphewa, mayiwo anagwada pamaso panga.

"Bwana, galu uyu sanalume munthu," anatero. "Tayang'anani m'makutumu, nkhupakupa zamutha. Musamuphe, mwamuna wa pakhomo pano ndi yemweyu."

Sindinayang'ane. Ndinali ndi yunifolomu yatsopano, ndinkadziona ngati ndikudziwa zonse. Ndinawombera, mutu tinautumiza kokapima, ndipo patapita masabata atatu kalata inabwera: munalibe chiwewe. Ndinapalasa njinga kukawauza. Ndinapeza khola lili pululu, fisi atamaliza mbuzi zonse zinayi. Mayiwo sanandipatse ngakhale mphasa. Anangoti, "Mwabwera kudzawombera chiyaninso, bwana? Kwatsala ine."

Zaka khumi ndi ziwiri zapita, koma mawu amenewo sanandichoke, ndipo matenda omwe aja a nkhupakupa amene anagwira Zilikwanu ndi amene akutha agalu anu lero. Nkhupakupa ikayamwa galu wodwala, imatenga tizilombo tating'ono kwambiri, tosaoneka ndi maso, timene ophunzira amati mabakiteriya. Ikakaluma galu wina, imathira tizilomboto m'magazi mwake. Galu amatentha thupi, amagona tsiku lonse, maso amadzaza manthongo, nkhama zimayera, kenako magazi amayamba kutuluka m'mphuno. Agalu athu amayenda okha, lero kumsika, mawa kumaliro, mkuja kudambo, ndiye matendawa amayenda nawo mudzi ndi mudzi. Nkhupakupazi zikakhuta sizipita kutali, zimabisala m'ming'alu ya khoma ndi m'mitengo ya chigafa, n'kuikira mazira momwemo. Choncho galu amene mwamubisa lero kuti apulumuke, mwamugoneka pachisa penipeni pa matenda. Ndipo musaiwale kuti nkhupakupa ikasowa galu imaluma ndi mwana yemwe.

Tsopano mvetsani chimene chikundisowetsa mtendere. Kuyambira Januwale, agalu makumi asanu ndi limodzi afa m'midzi ino, ndipo mbiri imene yafika kwa akuluakulu anga ndi yakuti ku Mitundu kwagwa chiwewe. Andiuza kuti ndikapanda kuonetsa umboni wakuti ndi nkhupakupa pofika kumapeto kwa mwezi wamawa, atulutsa lamulo lowombera agalu onse oyendayenda. Sakulakwa, akuopa kuti ana angalumidwe. Umboniwo ndi kadontho ka magazi kochokera kukhutu kwa galu wodwala, kopakidwa pakagalasi, ndiponso chiwerengero cha agalu amene alowa m'dibi muno. Nanga agalu asanu ndi anayi ndikawanene bwanji? Ndikauze akuluakulu kuti odwalawo ali m'zigafa ndipo eni ake akundiopa?

Sindikunena kuti chiwewe kulibe. Galu akayamba kuluma chilichonse, dovu lili chuchuchu, thamangani mudzatiuze, ndipo katemera wa chiwewe tipitiriza kubaya. Koma galu wofooka, wa nkhupakupa, ali ndi jakisoni wake, ndipo tikamupeza msanga amachira. Muzibwera nawo kuno Lachiwiri lililonse. Chonde musawasambitse ndi mankhwala opopera fodya, amenewo amapha galu msanga kuposa nkhupakupa.

A Tcheyamani, galimoto ili apo, zitseko zonse n'zotsegula. Tumani anthu awiri akafufuze ngati muli mfuti, ayang'ane ndi pansi pa mipando pomwe. Muli mabotolo a mankhwala, majakisoni ndi timagalasi basi.

Ndikuona dzanja kumbuyoko. Ndi bambo Isake, amene anatsogolera oumba njerwa. Lankhulani, bambo.

Kwa amene simunamve, afunsa kuti, "Galu wanga anayamba kale kutuluka magazi dzana. Ndikabwera naye, simumupha?"

Bambo Isake, pamaso pa mafumu ndi pamaso pa abusa, sindimupha. Sindikulonjezani kuti achira, pakuti magazi akayamba kutuluka nthawi imakhala itapita ndithu, koma ndimubaya ndi manja angawa, ndipo kadontho kake kakhoza kupulumutsa agalu a anzanu onse. Pitani mukamutenge. Ngati sangathe kuyenda, munyamuleni m'dengu. Apatseni njira bambowo. Nanunso amene mukuyang'anizana apo, nyamukani, palibe amene anene kuti mwanyoza msonkhano. Amayi a Ligi, nyimbo ziyambe zadikira, chakudya chidikirenso.

Olemekezeka nonse, ndi mphamvu zimene ndapatsidwa, ndikulengeza kuti dibi la agalu la kuno ku Mitundu latsegulidwa kuyambira tsopano lino. Ine sindikwera galimoto, ndikhala pampando uwu kudikira agalu anu, chifukwa lamulo lija likatuluka, amene adzalowe m'midzi yanu atanyamula mfuti ndine ndemwe, ndipo ndikukupemphani, abale anga, musandibwezere kuntchito imeneyo.

Zikomo kwambiri.