Mapapo Amene a Orville Stidham Anavomera

Malemu achimwene anga, bambo Orville Stidham, anabadwa pa 9 Febuluwale 1961 konkuno ku Letcher, ku Kentucky. M'banja la ana asanu ndi mmodzi iwo anali achiwiri. Ine Dwight, amene ndikuyankhula, ndine mzime.

Sukulu anailekeza mu 1978, bambo athu atavulala msana, n'kukalowa mumgodi wa malasha ali ndi zaka 17. Mu 1983 anamanga banja ndi mayi Loretta Caudill m'tchalitchi muno. Anagwira ntchito pansi pa nthaka zaka 31, mpaka mgodiwo unatsekedwa mu 2009.

Mu 2014 anayamba kubanika. Madokotala anapeza kuti fumbi la mumgodi laumitsa mapapo onse awiri. Pofika Malichi 2018 sankatha kutsika pakhonde popanda botolo la mpweya, ndipo anawalemba pamndandanda wa odikira kuikidwa mapapo a munthu wina.

Anadikira miyezi 19. Achimwene anali aatali kwambiri, mapapo owakwana sankapezeka wamba. Kawiri anaitanidwa kuchipatala, ulendo wa maola atatu, ndipo kawiri konse anabwezedwa. Koyamba mapapowo anachepa, kachiwiri anapezeka ndi matenda.

Pa 4 Okutobala 2019 adokotala anaimbanso foni, ndipo sanabise kanthu. Anati mapapo apezeka, koma ndi a bambo wa zaka 62 amene anasuta fodya nthawi yaitali. Mwina sangakhalitse ngati a wachinyamata, komanso podikira ena, mwina Khirisimasi sadzaiona. Alamu anga a Loretta anawachonderera kuti adikire. Ndinalipo pamene anayankha kuti, "Retta, ndidikire ndi mpweya uti? Mkuluyo ankasuta, ine ndinkadya malasha. Tikagwirizana basi."

Opaleshoni inayenda bwino. Anayambiranso kuwedza nsomba, ndipo mu Juni 2021 anaperekeza mwana wawo Darla kuguwa pa ukwati wake, opanda botolo.

Kumayambiriro kwa 2022 thupi linayamba kukana mapapowo. Tinafunsa ngati chinali chifukwa cha fodya uja kapena ukalamba wa mwiniwake. Madokotala anati sangathe kutsimikiza, popeza zimachitikanso ndi mapapo a achinyamata. Opaleshoni yachiwiri sikanatheka, anali atafooka. Anabwerera ku botolo la mpweya, kenako pabedi. Anatisiya masana a pa 17 Janyuwale 2023 kunyumba kwawo, ali ndi zaka 61.

Pakati pathu pali mayi Joanne Pruitt ochokera ku Ohio, mwana wa bambo amene anapereka mapapowo. Ankalemberana makalata ndi malemu, ndipo m'kalata yomaliza anapepesa chifukwa cha fodya wa bambo awo. Achimwene analibenso mphamvu zoyankha, choncho anandituma ine. Mayi Pruitt, achimwene anati, "Ukamuuze mtsikanayo aleke kupepesa. Bambo ake anandipatsa zaka zitatu. Ndani winanso anandipatsa ngakhale tsiku limodzi?"

Malemu asiya mayi Loretta, ana awiri, Darla ndi Curtis, zidzukulu zitatu, ndi ife abale awo asanu. Tikuthokoza anamwino amene ankabwera kunyumba, amayi a mpingo amene atidyetsa sabata yonseyi, ndi anzawo a mumgodi amene anyamula bokosi, ena mwa iwo akubanika nawonso.

Achimwene, mwavutika nawo mpweya kokwanira. Usani mumtendere.