Kalata Yoitana Motoka

Takisi yonunkha petulo itaima pa siteji ya m'komboni ya George, mayi wina wa zipsera m'manja anabwerera m'mbuyo. Mdala amene anaima pambali pake anaseka.

"Bamayo, muyopa motoka?"

"Batata, yathu inali kununkha chonchi. Bakampani banalemba kalata, ati tiibweze, paipi ya petulo idontha. Bamuna banga banati ni nzeru za boma, lifuna kutilanda. Banaibisa kuseri kwa nyumba, n'kuifunditsa masaka."

"Pafupi na mbaula?"

"Mu George muli malo ena? Motoka inapsa, nyumba inapsa, beve banafera ku chipatala."

"Mayo ine! Nanga bakampani?"

"Banalembanso mwezi watha. Ati paipi yatsopano yafika, tibwere nayo motoka."