Tambala wa M'khwapa mwa Mayi Telala

Moni nonse omvera, kunyumba ndi kuntchito. Nazi zilengezo zanu za sabata ino. Ndiziwerenga monga zinafikira patebulo panga, ndipo musandifunse chifukwa chake zonse zikununkha nthenga.

Choyamba chinafika Lolemba. Mayi Telala, amene amasokera pakhonde la nyumba yoyang'anana ndi chigayo, akudziwitsa abale, anansi ndi makasitomala kuti tambala wawo, dzina lake Kapitawo, wasowa. Ndi wofiira, wa mchira wakuda, wa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo wangoyamba kumene kulira. Akuchenjeza kuti ndi waukali, amalumphira anthu m'misongolo. Mukamuona musathawe, komanso musamumenye theche, chifukwa iye amayesa mwavomera ndewu. Mugwireni mapiko, mumuike m'khwapa, azizira yekha. Womupeza amusokera malaya aulere. Chilengezochi chachokera kwa Mayi Telala.

Chachiwiri chinafika Lachiwiri. Bambo Kalipentala, amuna awo a Mayi Telala omwe aja, akudziwitsa achimwene awo, alamu awo ndi onse amene akuwayang'ana cham'mbali kuti za tambalayo iwo sakudziwapo kanthu. Akuti Kapitawo anawajompha katatu, bala la pamsongolo silinapole, koma palibe amene anathamangira kuwailesi kukalengeza. Akuti m'mawa uliwonse tambalayo amazungulira bwalo ali m'khwapa mwa akazi awo, akumusisita khosi ndi kumulankhula motsitsa mawu, iwo akumwa tiyi wozizira okhaokha. Apa ndiwerenge momwe alembera: "Zaka khumi ndi zinayi ndili pabanja, mkono wangawu sunalowepo m'khwapa mwa munthu. Nsanje ndili nayo, ndibisirenji? Atambala awiri salira m'khola limodzi." Chilengezochi chachokera kwa Bambo Kalipentala, amene akubwereza kuti sakudziwapo kanthu.

Chachitatu, cha Lachitatu. A Chigamba, okonza njinga pamphambano ya msewu wopita kumsika, akudziwitsa aliyense amene wasowetsa tambala wofiira kuti abwere msanga adzatenge chinthu chake. Anamupeza Lolemba m'mawa pakhomo pa shedi yawo, ali m'bokosi. Chikhalireni wathamangitsa makasitomala atatu, ndipo mmodzi anasiya njinga ndi nsapato ya kumanzere. A Chigamba akuti sakuloza munthu chala, koma wakuba wamba amaponya nkhuku m'thumba. Bokosi ili ndi la matabwa opala bwino, mahinjesi awiri, mabowo a mpweya oyeza ndi rula, utuchi pansi, ndi kachitini ka madzi komangirira pakona. M'makona mulibe msomali ngakhale umodzi, matabwa angolumana okha, ndipo dera lonseli mmisiri wodziwa zimenezo ndi mmodzi. Tambala atengedwe, koma bokosi akupempha kuti litsale. Chilengezochi chachokera kwa a Chigamba.

Omvera, ine ndimangowerenga. Tipitirize.

Chachinayi, cha Lachinayi. Mayi Telala akuthokoza a Chigamba, ndipo akudziwitsa makasitomala kuti asamuka, iwo, makina ndi Kapitawo. Tsopano akupezeka kwa achemwali awo, nyumba ya geti lobiriwira kuseri kwa sukulu. Kwa amuna awo akuti bokosi lija aliona, ndipo dzanja alizindikira. Akuti zonyamula tambala m'khwapa sizinali zachikondi ayi. Anawauza ndi mlangizi wa ziweto kuti tambala wamng'ono ukamamunyamula tsiku ndi tsiku misoti ikuona, matama amamuthera. Mawu awo ndi awa: "Bambo, ndinkamunyamula kuti aleke kukujomphani inuyo. Ine ndikumuweta m'mawa, inu madzulo theche, mawa tiyambirenso. Manja angawa ndi zipsera zokhazokha, simunawayang'anepo. Mukanandifunsa ndi pakamwa, osati ndi matabwa." Za tsiku lobwerera sanalembepo. Chilengezochi chachokera kwa Mayi Telala ndi achemwali awo.

Chomaliza chafika lero, ndipo mwini wake wabwera nacho yekha, akutsimphina. Bambo Kalipentala akudziwitsa abale ndi abwenzi kuti bokosi lija anakhoma ndi iwo. Akuti kupha sakanatha, poti ndi chiweto cha akazi awo, ndiye anati ngati apite, apite mwaulemu. Akuti amva kuti a Chigamba ayezedwa kale chifuwa ndi tepi kuti asokeredwe malaya aulere. Zimenezinso zawawawa kwambiri, koma angomeza malovu. Akuti pageti lobiriwira afikapo kawiri, ndipo kawiri konse amene anawalandira ndi Kapitawo. Nyumba yakula, khonde lili zii, ngakhale chigayo sichikutseka dzenje limene phokoso la makina aja lasiya.

Choncho akudziwitsa akazi awo kuti mawa Loweruka, nthawi ya 8 koloko m'mawa, afikanso. Abwera atavala kabudula, misongolo pamtunda. Sathawa, samenya theche. Amugwira mapiko Kapitawo, amuika m'khwapa lakumanzere, ndipo ayenda naye wapansi kuchokera kusukulu, kudutsa pa a Chigamba, kudutsa pachigayo, mpaka kunyumba. Ofuna kuseka aseke. Akuti mkono wakumanja ukhala wopanda kanthu, ngati alipo wofuna kuugwira. Chilengezochi chachokera kwa Bambo Kalipentala.

Zilengezo zathera pamenepa. Mayi Telala, ngati wailesi ili pafupi ndi makina, mwadzimvera nokha. Mawa geti lija musakhome.