Malita Angati pa Ola?

Pa mpopi wa pamsika madzi ankatuluka ngati ulusi. Bambo wovala tayi anali atatchera ndowa yake, maso ali pa wotchi, kumbuyo kwake kuli mayi wobereka mwana.

"Mayi, ndayeza ndi botolo. Mpopi uwu ukutulutsa lita imodzi pa mphindi."

"Imodzi yokha? Ndiye matewera a mwanayu ndidzachapa atayamba sukulu."

"Musadandaule. Pa ola ndi malita sikisite."

"Bola pamenepo! Tawonjezeraniko, bambo."

"Tikawerenga m'mamililita, ndi sikisite sauzande pa ola."

"Kalanga ine! Ndabwereranji ndi kandowa kamodzi? Bwenzi nditakunkhuniza diramu!"

"Ayi, mayi, madziwo ndi omwewo. M'makiyubiki mita ndi ziro poyinti ziro sikisi."

"Aaa, mwawaphwetsanso! Bwererani kumasauzande kuja, anthufe tikufuna kuchapa."

"Masamu sanama. Ndowa yangayi ndi ya malita twente, ndiye idzaza pa mphindi twente."

"Paja mwaitchera liti?"

"Ola likukwana tsopano."

"Ndiye tayezaninso amene akutulukira pansi pa ndowa yanuwo, bambo. Mapazi angawa amwa masauzande angati?"